Ngongole imodzi, yolembedwa m'kope: mawu a mlangizi pa msonkhano wa mabanki m'khonde

 Ndathokoza kuti mwasiya makasu n'kudzakhala pano ngakhale kuti ino ndi nyengo yogalauza. Ku ofesi ya chitukuko cha m'madera atituma ndi ntchito imodzi yokha: mwezi uno usanathe, gulu lililonse la banki m'khonde m'dera la a Gulupu likhale litalemba m'malamulo ake kuti membala asakhale ndi ngongole ziwiri nthawi imodzi, ndiponso kuti aliyense akhale ndi kope lake la ngongole kunyumba. Lipoti lake ndikukapereka ndine, ndiye tithandizane.

Za masheya, chiwongoladzanja, chikole ndi thumba la zadzidzidzi sindibwerezanso, munaphunzira kale pomwe tinkakhazikitsa magulu. Ndingofunsa pang'ono. Ali m'banki m'khonde aimike manja. Pafupifupi nonse. Nanga amene ali m'magulu awiri kapena atatu? Musachite manyazi amayi, dzanja ndaliona. Amene anatengapo ngongole ya pafoni? Achinyamata kumbuyoko mukuseka, ndamva. Chabwino, tsitsani manja, tipitirire.

Kope limene ndikunenali ndi lomwe ana amalembamo kusukulu, la pagolosale. Tsamba lililonse ndi ngongole imodzi. Mulembe kuti mwatenga kwa yani, mwatenga zingati, mudzabweza zingati pamodzi ndi chiwongoladzanja, ndipo mudzabweza tsiku liti. Pansi pake mulembe chinthu chimene ambiri timachithawa: ndalama yobwezayo idzachokera kuti. Osalemba kuti "Mulungu adzapereka" kapena "mwana wa ku Joni adzatumiza". Mulembe kuti mandasi, kuti tomato wa kudimba, kuti mbuzi yakuda ija. Mukaona kuti palibe choti mulembe pamzere umenewo, ngongoleyo musatenge. Amene sadziwa kulemba, mwana wa Sitandade 5 akulemberani. Ndipo kopelo aziliona onse awiri, bambo ndi mayi. Milandu yambiri ya ngongole imene imafika kwa mafumu imayamba ndi mawu akuti "ine sindimadziwa kuti anatenga".

Tiwerengere limodzi. Mwatenga K50,000 pa 20 peresenti pamwezi, monga magulu ambiri amachitira. Mwezi ukatha mubweza K60,000. Mwalephera, gulu lati ipitirire. Mwezi wachiwiri yafika K72,000, wachitatu K86,400. Simunawonjezere kutenga ngakhale tambala, koma K36,400 yamera pamwamba. Tsopano mayi amene wafika pamenepa, poopa manyazi, amathamangira ku gulu lachiwiri kukatenga K90,000 kuti atseke koyamba. Anzake amaombera m'manja kuti wabweza, osadziwa kuti ngongoleyo yangosamuka khonde. Ikafika nthawi yogawana mu Disembala, gulu lachiwirilo limafuna ndalama yake yonse tsiku limodzi, ndipo chotsala n'kupita kwa a katapila, kumene K20,000 imabwezedwa K30,000 kapena K40,000 mwezi usanathe. Apa m'pamene anthu amaika pinyolo munda, njinga, ngakhale chiphaso cha unzika. Chiphaso musapereke kwa munthu aliyense ngati chikole. Ndi chimene mumalandirira Mtukula Pakhomo ndi zipangizo zaulimi zotsika mtengo.

Achinyamata munaseka aja, ndabwera kwa inu. Anzathu a m'tauni amene amalandira malipiro kubanki ena ali ndi khadi ya ngongole. Amagula katundu m'sitolo ndi ndalama ya banki, ndipo akabweza yonse pa tsiku lake zimawayendera, koma akamangobweza kachigawo kochepa, chotsalacho chimabereka mwezi ndi mwezi. Kuno khadi imeneyo tilibe, koma foni ikugwira ntchito yomweyo. Mumayamba ndi Kutapa kapena Pasavute ya mayunitsi, kenako ndalama yeniyeni ya pa Airtel Money kapena Mpamba. Palibe kupita kwa mfumu, palibe mboni, mungodina manambala muli chigonere pamphasa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ena mumati mukataya simukhadi nkhani yatha. Simukhadiyo munalembetsa ndi chiphaso chanu. Lamulo lokhazikitsa mabungwe osunga mbiri ya anthu obwereka lilipo kuyambira 2010, ndipo mabanki asanakupatseni ndalama amayamba afunsa kumeneko. Mudzafuna ngongole ya chigayo muli ndi zaka 40, n'kukubwezani chifukwa cha ndalama yochepa imene munabetchera mpira.

Zimene ndikunenazi si zachilendo. Agogo amene muli pano mukukumbuka makalabu a alimi a nthawi ya Kamuzu. Feteleza ndi mbewu zinkabwera pa ngongole, ndipo anthu ankabweza pafupifupi onse, chifukwa mmodzi akalephera kalabu yonse sinkalandira chaka chotsatira. Chilala cha 1992 chitagwa, n'kubweranso mphepo ya matipate, mawu anafalikira akuti ngongole ya boma sabweza. Dongosolo lonselo linagwa, ndipo mu 1994 m'pamene Malawi Rural Finance Company inayamba ntchito m'malo mwake, ndi chiwongoladzanja chokwera kuposa kale. Amene anabweza ndi amene sanabweze analangidwa pamodzi. Mu 2005 kunabwera thumba la ngongole la MARDEF, ambiri analitenga ngati zikomo wa mavoti. Pambuyo pake kunabwera NEEF, ndipo nyimbo ya kusabweza tikuimvabe pa wailesi. Ndalama ikapanda kubwerera, wotsatira pamzere sapeza kanthu, ndipo wotsatirayo ndi mwana wanu.

Pa ntchito yangayi ndaona gulu likufika pakhomo pa membala m'mamawa n'kusasula malata, mvula ili pafupi. Ndaona mayi atathawira kwa achibale ku Mozambique, kusiya ana ndi agogo okalamba, chifukwa cha ngongole za magulu atatu. Ndaona gulu limene linkakakamiza aliyense kutenga ngongole mwezi ndi mwezi kuti phindu likule, ngakhale amene alibe geni, ndipo pa tsiku logawana m'bokosi munali mapepala a mayina okhaokha. Apolisi akhala akunena kuti ngongole ndi chimodzi mwa zifukwa zimene anthu, makamaka abambo, akudzichotsera moyo. Ndikamalankhula za kope, ndikulankhula za zimenezi.

Eya bambo a chipewa, mwaimika dzanja kalekale. Lankhulani.

"Alangizi, zonsezo tamva. Koma inu mumalandira pakutha pa mwezi. Ife chaka chino dzina silinatuluke pa feteleza wotsika mtengo. Wa m'sitolo thumba ladutsa K100,000. Gulu limodzi silingandipatse ndalama imeneyo chifukwa masheya anga ndi ochepa. Ndikapanda kutenga kuwiri, ndilima ndi chiyani? Kopelo ndithira m'munda?"

Khalani chete pang'ono amayi, funso la bambowa ndi lolemera ndipo ndikuona kuti ndi la ambiri. Bambo, simukunama. Pomwe pulogalamu ya feteleza wotsika mtengo ya AIP inkayamba mu 2020 thumba munkaombola ndi K4,495, pofika 2022 linali K15,000, ndipo mayina akhala akuchepa. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, feteleza wa m'sitolo n'kukwera nayo. Izi sindingakutsutseni.

Koma tiyeni tione miyezi. Ngongole ya banki m'khonde ndi ya mwezi umodzi mpaka itatu. Mutenga mu Novembala, chimanga mukolola mu Epulo kapena Meyi. Pakati apa pali miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, ndipo iwiri mwa iyo ndi Januwale ndi Febuluwale, pamene m'nkhokwe mulibe kanthu ndipo inu muli pa ganyu m'munda mwa eni. Mubweza ndi chiyani? K100,000 pa 20 peresenti, ngakhale gulu litakuchitirani chifundo kuti chiwongoladzanja chisaberekane, pa miyezi isanu yasanduka K200,000. Thumba limodzi mwaligula pa mtengo wa awiri. Ndiye mukolola nthawi imene aliyense akugulitsa, mavenda atakhazika masikelo pamsika, mtengo uli pansi. Chimanga chomwecho mudzachigulanso mu Januwale pa mtengo wokwera. Izitu ndi pamene mvula yagwa bwino. Kumbukirani namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ndi ng'amba ya 2024. Mbewu inapita, ngongole inatsala.

"Ndiye tisalime?"

Ayi bambo, mulime. Ndikunena kuti ndalama ya miyezi itatu si ya mbewu ya miyezi isanu. Ya gulu itengeni pa zinthu zozungulira msanga: usipa, zitumbuwa, masamba a kudimba, kaunjika. Ya feteleza ichokere ku masheya anu pa tsiku logawana. Ndipo apa pali chinthu chimene muli nacho mphamvu inu eni, osadikira boma. Ndani analamula kuti kugawana kuzichitika mu Disembala? Palibe. Timagawana mu Disembala, ndalama n'kuthera pa Khirisimasi, mpunga ndi zitenje, feteleza woyamba nthawi yake itadutsa. Gulu likagwirizana kuti chaka chake chizitha mu Seputembala kapena Okutobala, munthu amachoka pabokosi n'kulunjika kwa wogulitsa zipangizo ndi ndalama yakeyake, yopanda chiwongoladzanja. Magulu ena amasonkha n'kugulira pamodzi, mtengo wa thiransipoti n'kuchepa.

Chaka chino nthawiyo yadutsa, ndikudziwa. Ndiye gulani feteleza amene thumba lanu lingakwanitse, ngakhale wa pa kilogalamu, mumuchulukitse ndi manyowa a Mbeya: feteleza pang'ono, madeya, phulusa, ndowe za mbuzi kapena zitosi za nkhuku ndi madzi, n'kumanga m'thumba la pulasitiki masiku 21. Miyezo yake yeniyeni akuuzani alangizi a zaulimi, ndikawapempha abwere kudzachita nanu pamaso. Kumene feteleza sakwanira bzalani soya, mtedza kapena nandolo, zimene sizilira feteleza ngati chimanga. Amene akufuna ngongole yaulimi yeniyeni, yobweza mukakolola, njira yake ndi kalabu, kopaletivi kapena SACCO, ndipo musanasaine mufunse kuti mvula ikakanika chichitike n'chiyani.

Mayi apa akuti nanga matenda ndi maliro. Thumba la zadzidzidzi lilipo chifukwa cha zimenezo, ndipo silikhala ndi chiwongoladzanja. Ngati lanu ndi lochepa, kwezani chopereka cha pamlungu. Limenelo sitikuliwerengera ngati ngongole yachiwiri.

Bambo a chipewa mukupukusabe mutu. Mwina simunakhutire, ndipo sindikukakamizani lero. Nkhani ya kusintha mwezi wogawana sinali pa pepala limene ndinabwera nalo, koma ndikailemba mu lipoti kuti yachokera kuno, ndipo ndikufuna inu mukhale mmodzi mwa okaifotokoza ku gulu lanu. Amene muli kale ndi ngongole ziwiri kapena zitatu, musathawe mudzi. Lembani zonse m'kope usiku uno, muyambe kutseka ya chiwongoladzanja chachikulu, ndipo mupite kwa wapampando tsiku lobweza lisanafike mukapemphe kuti muzibweza pang'onopang'ono.

A Gulupu, ndikupempha kuti apampando a magulu onse azikumana pakhomo panu kamodzi pamwezi n'kuyerekeza mayina a amene ali ndi ngongole, kuti munthu asatenge kuwiri mobisa. Alembi ndi asungichuma mutsalire pang'ono ndi mabuku anu a malamulo, tilembe ndime yatsopanoyi tisanabalalike. Ena nonse, Lachinayi likubwerali mubwere aliyense ndi kope lake.