Dzina la Wayilesi ndi Pomwe Mawu Ake Amalekezera

 

Okonza mwambo uno wotsekera maphunziro anandipempha kuti ndilankhule za katchukitsidwe ka dzina la wayilesi ya malonda. Ndinavomera, koma ndinawauza kuti nkhani ya mlongoti ndiibweretsa ndithu, chifukwa dzina limafika pokhapo pamene mawu akufika. Zitsanzo nditenga ku America, ku mawayilesi a nyimbo za country. Nyimbozi si zachilendo kwa ife. Ndani muno sanamvepo Jim Reeves Lamlungu m'mawa, kapena Dolly Parton ndi Kenny Rogers m'minibasi? Don Williams anachita kubwera ku Harare mu 1997 kudzaimbira anthu amene ankamukonda asanamuone. Nyimbo timazidziwa. Chimene sitikamba kawirikawiri ndi mawayilesi amene anazikweza.

Mu Okutobala 1925, kampani ya inshulansi ya National Life and Accident, mumzinda wa Nashville, inatsegula wayilesi yotchedwa WSM. Zilembozo zinachokera pa mawu otsatsira malonda a kampaniyo, We Shield Millions, odzitamandira kuti imateteza anthu mamiliyoni. Ku Chicago nakonso WLS inali ya sitolo ya Sears, ndipo zilembo zake zinkanena kuti sitoloyo ndi yaikulu padziko lonse. Mukuona kuti kuyambira pachiyambi dzina la wayilesi linali malonda. Pa 28 Novembala chaka chomwecho, muulutsi George D. Hay anaika pa mayiko nkhalamba ina yoimba vayolini, Uncle Jimmy Thompson, ndipo pulogalamu ya Loweruka madzulo inabadwa. Mu 1927 inapatsidwa dzina loti Grand Ole Opry, ndipo ikumvekabe mpaka lero.

Komatu mapulogalamu a mtundu umenewu analipo m'mizinda ingapo. Chimene chinakweza Nashville ndi chitsulo. Mu 1932 WSM inaimika mlongoti wa mamita oposa 260 kum'mwera kwa mzindawo, n'kukweza mphamvu kufika mawati 50,000. Kuwonjezera apo, boma linaipatsa nambala yakeyake, 650 pa AM, yoti usiku wayilesi ina isaisokoneze. Inu amene mwaphunzira za makina mukudziwa zimene zimachitika dzuwa likalowa. Mafunde a AM amakwera m'mwamba, amakagunda mpweya wa kutali uja wotchedwa ionosphere, n'kutsikanso pansi makilomita mazanamazana kuchokera pamene anayambira. Masana mpweya wa m'munsi mwake umawameza. Usiku njira imatseguka. N'chifukwa chake mlimi wa ku Texas ndi wogwira ntchito m'fakitale ku Detroit ankamvera pulogalamu imodzi nthawi imodzi, ndipo mpaka pano usiku WSM imamveka m'zigawo zoposa 30 za dzikolo ndi mbali ina ya Canada.

Tsono taonani nzeru za kampani ija. Ogulitsa inshulansi ankayenda khomo ndi khomo m'madera omwewo amene mawu amafika. Akagogoda, sankayamba ndi nkhani ya maliro ndi ndalama. Ankayamba ndi Opry, ndipo mwini nyumba ankawalowetsa ngati anthu owadziwa kale. Oimba nawonso anayamba kusamukira kumene kunali mlongoti. Roy Acuff analowa mu Opry mu 1938, ndipo mu 1942 iye ndi Fred Rose anatsegula kampani yosindikiza nyimbo mumzinda womwewo. Nyumba zojambulira nyimbo zinatsatira. Ngakhale dzina loti Music City, limene Nashville imadziwika nalo, linatchuka kudzera pakamwa pa muulutsi wa WSM.

Pali kanthu kena ka mlongoti umenewu kamene ndimakonda kuuza eni mawayilesi. Mu 1939 anaudula, n'kuutsitsa kufika mamita pafupifupi 246. Akatswiri anapeza kuti kutalika kwakeko kunkachititsa kuti mafunde odutsa pansi ndi mafunde obwerera kuchokera m'mwamba aziphana okhaokha m'madera a m'malire, omvera n'kumangomva mawu akuzimirira. Anachotsa chitsulo kuti anthu amve bwino. Ndalama yaikulu pa mlongoti siilowa m'malo mwa munthu wodziwa kuyeza.

Ena anafuna kupitirira malire a lamulo. John Brinkley, munthu wodzitcha dokotala amene anamulanda chiphaso cha wayilesi ku Kansas, anangowoloka mtsinje wa Rio Grande n'kukamanga wayilesi ku Villa Acuña m'dziko la Mexico, ndi mphamvu yoposa imene America inkalola. Oimba a Carter Family anamveka kutali kudzera pa wayilesi imeneyo, yotchedwa XERA, kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, pakati pa malonda a mankhwala okayikitsa. Ndangokudutsitsani, musakatengereko.

Kenako kunabwera FM, ndipo zinthu zinatembenuka. FM imamveka mwaukhondo, koma siwuluka usiku. Imayenda ngati maso: pamene mlongoti ukuona, pamenepo ifika, kuseri kwa phiri, ayi. Ngakhale wayilesi ya mawati 100,000 kawirikawiri imathera pa makilomita pafupifupi 100. Choncho wayilesi ya country inasiya kukhala ya theka la dziko, inasanduka ya mzinda umodzi, ndipo mawayilesi otere anachuluka. Mu 1961 amene ankaimba country tsiku lonse anali 81 okha. Lero aposa 2,000. Mumzinda umodzi mumapezeka awiri kapena atatu oimba nyimbo zofanana. Womvera awasiyanitsa bwanji? Apa m'pamene zilembo za chiphaso zinabisika, kutsogolo kukubwera nambala ndi dzina losavuta kukumbukira, makamaka la nyama: The Wolf, The Bull, Froggy. Chifukwa chake n'chandalama. Ofufuza chiwerengero cha omvera kwa zaka zambiri ankadalira zimene munthu walemba m'kabuku, ndiye dzina loiwalika linali ndalama yotayika. Ku Dallas, wayilesi ya KPLX inadzitcha 99.5 The Wolf, kutanthauza mmbulu, mu 1998, n'kuika patsogolo kunyadira Texas ndi oimba a komweko, ndipo zinaiyendera.

Mu 1996 lamulo linasintha, kampani imodzi inaloledwa kugula mawayilesi ochuluka mmene ingathere m'dziko lonse. Mayina aja anayamba kukoperedwa. Mmbulu wa ku Dallas unaswana m'mizinda yambiri, nthawi zina muulutsi ali kutali, akujambuliratu mawu ngati ali pafupi. Ine pamenepa sindiombera m'manja. Chimene chinakoma ku Dallas chinali Texas. Dzina lokhalo silinyamula mudzi.

New York ndi umboni wina. Kuyambira mu 1996 kampani ina inayesa kuzinga mzindawo ndi timawayilesi ting'onoting'ono, tonse pa 107.1, tikuulutsa pulogalamu imodzi pansi pa dzina la Y-107. Tinafika tinayi. Kunja kwa mzinda inkamveka, koma pakati pa nyumba zosanja za Manhattan, pamene pali otsatsa malonda akuluakulu, mawu ankavuta. Mu 2002 nyimbo za country zinazima pa nambalayo. Mu 2013 kampani ya Cumulus inabweretsa Nash FM pa 94.7, dzina lobwereka kwa Nashville, ndipo inalifalitsa m'mizinda ina. Pofika mu 2021, wayilesi ya ku New York ija, ili kale m'manja mwa eni ena, inasiya country. Pomwe WSM, eni ake atalingalira zoisandutsa ya masewera mu 2002, omvera ndi oimba anakaima pamsewu kukana, mpaka eniwo anabwerera m'mbuyo.

Ana anga amene mwatsiriza maphunziro lero, dziko lathu ndi la mapiri. Si mwangozi kuti milongoti ili pa Mpingwe, pa phiri la Zomba ndi pa phiri la Dedza. Wa ku Chigwa cha Shire ali pansi pa chikweza cha Thyolo. Wa ku Nkhata Bay ali kuseri kwa Viphya. Ndimamva mawayilesi akudzitcha a dziko lonse pomwe ukangotsika chikweza mawu amayamba kudukaduka. Wamalonda amene walipira kuti fetereza wake amveke kumudzi akadzazindikira kuti akumveka m'tauni mokha, sadzabweranso, ndipo adzauza anzake. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tengani kawayilesi kamabatire, kotsika mtengo komwe kali m'midzi, mukwere njinga mukamvere nokha pamene mawu anu akuthera. Mujambule mapu oona, mufananize ndi zimene chiphaso chanu cha MACRA chikunena, ndipo mapu amenewo ndiwo muziwonetsa otsatsa malonda. Magetsi akazima pa mlongoti, jenereta ikhale ndi mafuta. Kanyimbo kokoma kotchula dzina lanu sikathandiza kanthu makina ali zii. Ndipo musandiuze kuti intaneti yathetsa nkhaniyi. Agogo anu sagula bandulo kuti amve uthenga wa maliro.

Kwa eni mawayilesi ndikupempha chimodzi: mwa ana amenewa, musangolemba ntchito a mawu okoma okha. Lembaninso uja amene amakonda mawaya, mumulipire bwino, ndipo pokambirana za dzina latsopano la wayilesi akhale nawo pa tebulo.

Gogo Chalo, Bwanamkubwa, ndaona amayi ophika akundiyang'ana. Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti maphunzirowa atsekedwa, ndipo ndikupempha aphunzitsi kuti ayambe kuitana mayina, tipereke masatifiketi.