Madzi Nawo Amakalamba

(Mawu omwe mlangizi wa za usodzi adayankhula kwa makomiti a m'madoko)



Lero sindinabwere ndi nkhani ya maukonde a maso ang'onoang'ono, imeneyo tidakambirana kale. Ndabwera ndi funso: kodi madzi amakalamba? Ndikuona ena mukuseka. Amakalamba ndithu, ndipo alipo anthu amene ntchito yawo ndi kuwerenga zaka zake. Tiyeni tipite kaye ku nyanja zikuluzikulu zamchere, tibwereranso kuno kudoko.

Mumpweya womwe timapumawu muli kaboni. Pang'ono chabe mwa kaboniyo ndi wa mtundu wotchedwa kaboni 14, amene amatha pang'onopang'ono: pakapita zaka 5,730 amatsala theka. Madzi akakhala pamwamba pa nyanja amamwa kaboni 14 wa mumpweya. Akamira pansi samwanso, ndipo amene adamira nayeyo amanka nachepa. Tsono katswiri akatunga madzi apansi n'kuyeza kaboni 14 wotsalamo, amadziwa kuti papita nthawi yaitali bwanji madziwo chionereni dzuwa. Pansi pa nyanja ya Pacific, chakumpoto, pali madzi amene atha zaka zoposa 1,000 osatulukira pamwamba.

M'zaka za m'ma 1950 kufikira 1963, maiko akuluakulu adaphulitsa mabomba ambiri a nyukiliya mumlengalenga powayesa. Zidali zoopsa, koma zidasiya chizindikiro: kaboni 14 wa mumpweya adachuluka pafupifupi kawiri. Kudali ngati kuthira utoto pamwamba pa madzi, ndipo akatswiri akhala akulondola utotowo kuti aone kumene madzi apamwamba amalowera. Pakati pa 1972 ndi 1978 sitima za kafukufuku zidatunga madzi m'nyanja za Atlantic, Pacific ndi Indian Ocean.

Koma sitima imangodutsa n'kumapita. Mboni yokhala pompo tsiku ndi tsiku ndi korali. Amenewa ndi tizilombo ting'onoting'ono ta m'nyanja zamchere zofunda, timene timamanga nyumba yamwala ndi kaboni wa m'madzi momwe tikukhalamo. Chaka chilichonse mwalawo umaonjezera mzere, monga mizere ija timaona pachitsa cha mtengo. Akatswiri amaboola mwalawo, nawerenga mizere, nayeza kaboni 14 mzere ndi mzere. Akapeza wochepa amadziwa kuti nyengo imeneyo padafika madzi okalamba ochokera pansi. Akapeza wambiri, padali madzi apamwamba.

Mwina mukuti, nanga msodzi zikumukhudza pati? Madzi okalamba aja ndiwo ali ndi chonde. Zonse zofa zimamira n'kukaolera pansi, ndiye madziwo akakwera amabweretsa manyowa, ndere zimamera, tizilombo timadya ndere, nsomba zimadya tizilomboto. Makorali a ku zilumba za Galapagos, m'nyanja ya Pacific, amaonetsa poyera kuti zaka za El Niño madzi apansi amaleka kukwera mokwanira. El Niño yemweyu adatiumitsira chimanga mu 2016 ndi 2024. Ndipotu dzinali adalitcha ndi asodzi anzanu a ku Peru, poona madzi ofunda akufika nthawi ya Khirisimasi.

Ku Peru komweko kuli kansomba kotchedwa anchoveta, kofanana ndi usipa wathu. Mu 1970 adapha matani oposa 12 miliyoni. Mu 1972 kudabwera El Niño, chakudya cha nsomba chidachepa, ndipo zotsalazo zidaunjikana pafupi ndi gombe pomwe madzi adali ozizirirako. Maboti ankadzaza msanga, anthu n'kumayesa nsomba zilipo zambiri. Pofika 1973 sadakwanitse ngakhale matani 2 miliyoni, ndipo anthu ambirimbiri adasowa ntchito. Ine ndimati El Niño yekha asasenze mlandu: nsombayo idali itafooka kale ndi kuphedwa mopyola muyeso.

Tibwerere kwathu. Nyanja ya Malawi nayo ili ndi madzi apamwamba ndi apansi. Imazama mamita pafupifupi 700, koma kupitirira mamita ngati 250 kulibe mpweya woti nsomba ipume. M'zaka za m'ma 1970 akatswiri adayeza madzi ake ndi chizindikiro china cha mabomba omwe aja, chotchedwa tritium, napeza kuti apansi amasakanikirana ndi apamwamba mochedwa kwambiri. Mwera ukaomba, kuyambira Meyi mpaka cha mu Sepitembala, umakankhira madzi ofunda kumpoto, ndipo kum'mwera kumakwera madzi ozizira achonde. Mwera womwe umatitsekereza kumtunda ndi womwenso umathira manyowa m'munda mwa usipa ndi utaka.

Kuno tilibe korali wotisungira mbiri. Mbiri yathu ili m'makope a komiti. A mlembi, musamangolemba zidebe za nsomba zofika padoko. Muzilembanso tsiku limene mwera wayamba ndi limene waleka, masiku amene madzi azizira kapena asanduka obiriwira, kuchuluka kwa zida zimene zalowa panyanja, ndi pamene nsomba zaunjikana malo amodzi mosazolowereka. Makopewo tidzaonera limodzi pa msonkhano wotsatira, tisanakambirane za malamulo a doko lino a chaka chamawa.