Achinyamata a timabaji takuda aja, Khirisimasi amaidya bwanji?

Disembala wafika, ndipo kuno ku UK kwayamba kuda 4 koloko isanakwane. Lero tikambe za anthu amene ambirife timakumana nawo pa basi kapena pa sitolo: achinyamata oyenda awiriawiri, otchena ngati akupita ku ukwati, pachifuwa pali kabaji kakuda kolembedwa Elder kapena Sister. Mwawaonapo eti? Kodi Khirisimasi yawo imayenda bwanji?

Amenewa ndi amishonale a Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza, umene likulu lake lili ku Salt Lake City, ku Utah, m'dziko la America. Ambiri amawatcha a Mormon, ngakhale kuti mu 2018 atsogoleri awo anapempha kuti anthu azitchula dzina lonse la mpingowo. Za chiphunzitso chawo tisiyire ena. Ife tione tsiku lawo, chifukwa ali ndi vuto lofanana ndi lathu: ndi ana a eni ake, ali kutali ndi kwawo, pa nyengo imene aliyense amafuna kukhala pafupi ndi mayi ake.

Mnyamata amatha kupita ali ndi zaka 18, ndipo amakhala zaka ziwiri. Mtsikana amakhala miyezi 18. Dziko sasankha yekha, amangolandira kalata yomuuza kumene akupita. Malipiro palibe. Ndalama zodyera ndi zogona amasonkha yekha, makolo ake ndi ampingo a kwawo. Ambiri amene amatumizidwa kuno amayamba aphunzira kaye ku Chorley, pafupi ndi Preston, tauni imene amishonale oyamba a mpingowu kuno anayambira ntchito yawo mu 1837. Ndiye tangoganizani, mwana wangomaliza sekondale, Khirisimasi ziwiri zathunthu osaona pakhomo pa makolo ake.

Tsiku lawo kawirikawiri limayamba 6:30 m'mawa. Amapemphera, amachita masewera olimbitsa thupi, amadya, kenaka amawerenga malemba payekhapayekha, n'kuwerenganso limodzi ndi mnzawo. Amene Chingerezi si chiyankhulo chake amaonjezanso nthawi yochiphunzira. Ikamakwana 10 koloko amakhala atatuluka, ndipo amabwerera cha m'ma 9 usiku. 10:30 agona. Mawa lake chimodzimodzi. Disembala sasintha ndondomeko imeneyi. Chimene chimasintha ndi kunja. Ku Manchester, pa 21 Disembala, dzuwa limatuluka 8 koloko itadutsa, n'kulowa 4 isanakwane. Kutanthauza kuti maola asanu omaliza a ntchito yawo amawagwira mumdima, m'mvula, akulankhulitsa anthu amene manja awo adzaza ndi majumbo ndipo akuthamangira basi. Ambiri amangoti pepani, ndilibe nthawi. Ena sayankha n'komwe.

Nyengo ya Khirisimasi imawapatsako mpata pang'ono. Munthu amene miyezi ina yonse safuna kumva za Yesu, mu Disembala amaima kumvera nyimbo. Kuyambira 2016 mpingo wawo umachita kampeni yotchedwa Light the World, yolimbikitsa anthu kuchitira anzawo zabwino mwezi umenewu. Ndiye mudzawapeza akuimba pa msika, akuthandiza kumalo ogawa chakudya kwa ovutika, kapena akuchezera agogo okhala okha.

Madzulo akabwerera kunyumba kulibe TV, kulibe mafilimu, kulibe chibwenzi. Foni ali nayo, koma ndi yotchingidwa. Ife a ntchito za makompyuta timazidziwa zimenezi: ndi momwe kampani imachitira ndi foni ya ku ntchito, kuti mapulogalamu ena alowe, ena asalowe. Facebook amaigwiritsa ntchito, koma pofikira anthu, osati kupukusa chala mpaka pakati pa usiku ngati enafe. Ndipo mnzake woyenda naye uja amakhala naye usana ndi usiku. Akuluakulu anati kuyenda awiri si mantha, koma dziwani kuti mnzakeyo sanamusankhe. Wina wa ku Idaho, wina wa ku Ghana kapena ku Philippines, aphike limodzi, agwirizane za hita. Komanso pa masabata asanu ndi limodzi alionse pamakhala kusamutsana. Munthu akhoza kusamutsidwa kutangotsala sabata imodzi kuti Khirisimasi ifike, n'kukapezeka m'tauni imene sadziwamo aliyense.

Tsopano nkhani ya foni yopita kumudzi, imene ndikufuna muimvetsetse. Mpaka Febuluwale 2019, amishonalewa ankaloledwa kuimbira makolo awo kawiri kokha pa chaka: pa Khirisimasi ndi pa tsiku la anakubala. Masiku ena onse inali kalata kapena imelo, kamodzi pa sabata. Kawiri pa chaka, abale anga! Ife netiweki ikangovuta kumudzi masiku awiri, timayamba kuimbira aneba kufunsa ngati mayi ali bwino. Lamulo lija linasintha, ndipo pano amatha kulankhula ndi makolo sabata iliyonse, pa tsiku lawo lochapa ndi kugula zinthu, limene nthawi zambiri limakhala Lolemba. Komabe foni ya pa Khirisimasi idakali yolemera. Mu Disembala, 5 koloko madzulo kuno ndi 10 koloko m'mawa ku Utah. Mwana akuona azing'ono ake akutsegula mphatso pa kasikirini, iye kunja kwada kale. Ifenso timaidziwa foni imeneyo. Kuno 10 koloko, ku Lilongwe kapena ku Lusaka 12, mpunga ndi nkhuku zapsa, aliyense akukuwa m'foni kuti muli bwanji kumeneko. Kenaka foni yaduka, m'chipinda muli zii.

Kwa amene mwangobwera chaka chino, mudziwiretu kuti pa 25 Disembala dziko lino limatseka. Masitima sayenda, ngakhale Tube ya ku London. Masitolo akuluakulu ku England ndi ku Wales satsegula, ndi lamulo la 2004. Kwathu Khirisimasi ili pa msewu, aliyense ali panja ndi zovala zatsopano. Kuno ili m'nyumba, zitseko zotseka. Ndiye mmishonale wopanda galimoto tsiku lake lonse limadalira chinthu chimodzi: kodi alipo amene wamuitana? Nthawi zambiri banja lina la mumpingo wawo limawatenga, adye nawo, aseke nawo. Mabanja ena amakumbukiranso kukonza kamphatso ka aliyense, chifukwa zimachitika kuti mmodzi walandira katoni yaikulu kuchokera kwawo, mnzake amene makolo ake sangakwanitse mtengo wa positi alibe kanthu.

Apa mpamene pali phunziro lathu. Chimene chimawasunga anawa mu Disembala ndi zinthu ziwiri wamba: akadzuka amadziwa chochita, ndipo pali munthu amene akuwayembekezera pa tebulo. Ambirife tikapatsidwa tchuthi zonse ziwiri zimasowa. Timagona mpaka masana, timadzuka kunja kukuda, timayang'ana zithunzi za anzathu ali ku nyanja, mtima n'kuyamba kulemera. Ngati mukhala nokha chaka chino, likonzereni tsikulo ndondomeko kudakali nthawi. Nthawi yodzuka, nthawi yotuluka panja dzuwa lisanalowe, nthawi yoimba kumudzi, ndiponso chochita foni ija ikangoduka, chifukwa ola limenelo ndi limene limapweteka.

Ngati muli ndi pakhomo, itanani munthu. Mukafuna kuitana amishonale aja, dziwani izi. Amabwera awiri, ndiye ufa muonjezere. Tiyi wa masamba, khofi ndi mowa samwa, choncho musakhumudwe akakana kapu ya tiyi, apatseni juwisi kapena koko. Ngati ndinu mayi kapena mtsikana muli nokha, anyamatawo salowa pokhapokha pakhale bambo wina wamkulu, ndipo atsikana nawonso chimodzimodzi kwa abambo. Sakhalitsa, ola limodzi basi, paja mlendo ndi mame. Akhoza kupempha kuti agawane nanu mawu. Mukafuna vomerani, mukapanda kufuna nenani mwaulemu kuti lero ndi la nsima yokha.

Ndipo si okhawo ayi. Pali wophunzira uja anafika mu Seputembala, pali mlongo wathu wosamalira okalamba amene akuweruka 8 koloko m'mawa pa tsiku la Khirisimasi. Musadikire kuti apemphe, sangapemphe. Mutumizireni uthenga lero, ndipo mukonzeretu za mayendedwe, popeza m'madera ambiri basi kudzakhala kulibe.

Tilembereni mutiuze Khirisimasi yanu yoyamba kunja kuno munaidya bwanji. Tikumanenso sabata ya mawa, khalani bwino.