NKHONDO IMENE INAYAMBIRA KU SARAJEVO NDI KUTHERA KU MBALA

Nkhani ya lero ndi ya Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, imene inabuka mu 1914. Mabuku ambiri amati mfuti zinaleka kulira pa 11 November 1918, ndipo ku Ulaya zinaterodi. Koma gulu lomaliza la asilikali a Germany linatula zida patapita masabata awiri, pa 25 November, ku Abercorn, tauni imene lero ndi Mbala. Kodi mkangano wa mafumu a ku Ulaya unafika bwanji pakhomo pa mlimi wa kumpoto kwa dziko lino?

Yankho liri m'mapangano. Nkhondo isanayambe, maiko amphamvu a ku Ulaya anali atagawikana kale pawiri. Mu 1879 Germany ndi Austria-Hungary analumbirirana kuti wina akaputidwa mnzake adzamthandiza, ndipo Italy analowa nawo mu 1882. France, pocita mantha, anapangana ndi Russia mu 1894. Britain naye anamvana ndi France mu 1904, kenaka ndi Russia mu 1907. Atsogoleri a masiku amenewo anali kunena kuti mapangano otere asunga mtendere, popeza palibe angalimbe mtima kuputa dziko lokhala ndi abwenzi amphamvu. Anaiwala kuti anthu omangidwa cingwe cimodzi, wina akagwera m'citsime amakoka anzake onse.

Pa 28 June 1914, mu mzinda wa Sarajevo, mnyamata wa zaka 19 dzina lake Gavrilo Princip anaombera ndi kupha Franz Ferdinand, amene anali kudzalowa ufumu wa Austria-Hungary, pamodzi ndi mkazi wake Sophie. Austria-Hungary anaimba mlandu Serbia namthira nkhondo pa 28 July. Russia anasonkhanitsa asilikali kuti aimire Serbia. Germany analengeza nkhondo pa Russia pa 1 August, pa France pa 3 August, ndipo asilikali ake atadzera m'dziko la Belgium, Britain analowa pa 4 August. Zonsezi zinacitika m'sabata imodzi. Italy anayamba waima pambali, ndipo mu 1915, atalonjezedwa malo, anakaima kumbali ya adani a anzake aja. Turkey ndi Bulgaria anathandiza Germany, pamene Japan, ndiponso United States mu 1917, anathandiza Britain ndi France.

Ku France asilikali anakumba maenje aatali namakhala m'menemo zaka zinai, akuphana cifukwa ca kadera kosakwana ndi munda wa mudzi umodzi. Pa mtsinje wa Somme, pa 1 July 1916, Britain anataya anyamata oposa 19,000 tsiku limodzi lokha.

Maiko amenewa anali ndi maiko ena a mu Africa amene anali kuwalamulira mwa utsamunda, ndipo polowa m'nkhondo anawakokera momwemo osafunsa mfumu iriyonse. Northern Rhodesia, imene inali m'manja mwa kampani ya British South Africa, inacita malire ndi German East Africa. Mu August 1914 sitima ya Angelezi yochedwa Guendolen inaononga sitima ya Ajeremani pa nyanja ya Nyasa. Mu September nkhondo inagwa pa Karonga ndi pa Abercorn, ndipo mu 1915 inagwa pa Saisi.

Apa ndipo pali nkhani imene mabuku a atsamunda anaidutsa mothamanga. Asilikali a kumalire anafunika ufa, zipolopolo ndi mankhwala, koma njanji inali kutali kwambiri, ku Broken Hill ndi ku Ndola. Miseu yabwino kunalibe, ndipo ng'ombe ndi akavalo zinali kufa ndi tsetse. Cotsala cinali mutu wa munthu. Mafumu analamulidwa kupereka amuna, amesenjala a boma anayenda mudzi ndi mudzi, ndipo wokana anali kugwidwa mwa mphamvu. Anthu amenewa ndiwo anali kuchedwa atengatenga. Aliyense anasenza katundu wolemera pafupifupi makilogalamu 27, ena anapalasa mabwato kudzera mu Luapula, madambo a Bangweulu ndi Chambeshi. Onani kuipa kwake kwa nchito imeneyi: wosenza ufa anayenera kudyako panjira, ndipo ulendo ukatalika, ufa wambiri unali kuthera m'njira usanafike kwa asilikali. Motero kuti thumba limodzi lifike kumalire panafunika amuna ambiri, ndipo boma linabwereranso kumidzi kukatenga ena.

Atengatenga anafa ndi kamwazi, malungo, cibayo ndi njala kuposa mmene anafera ndi zipolopolo. Kumbali ya Britain yokha, m'nkhondo ya kum'mawa kwa Africa munafa atengatenga pafupifupi 95,000. Kumudzi nako kunatsala azimai, ana ndi nkhalamba. Minda inacepa, nkhokwe zinakhutulidwa kudyetsa asilikali, ndipo mu 1918 mliri wa cimfine unapeza anthu atafooka kale.

Analipo amene anaona msanga kumene zinthu zinali kupita. Mu November 1914, Mbusa John Chilembwe wa ku Nyasaland analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times, kufunsa cifukwa cimene munthu wakuda wosauka ayenera kufera nkhondo yosakhala yake, pamene pa nthawi ya mtendere sapatsidwa ulemu uliwonse. Boma silinamumvere. Mu January 1915 iye anaukira atsamunda, ndipo anaphedwa mu February caka comweco.

Mkulu wa asilikali a Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, anadziwa kuti sangagonjetse Britain mu Africa. Colinga cake cinali kutangwanitsa asilikali ambiri a adani kuti asapite ku Ulaya. Mu November 1917 anaoloka Rovuma kulowa mu Mozambique, ndipo patapita caka analowa mu Northern Rhodesia nalanda Kasama. Pa 14 November 1918, ali m'mbali mwa Chambeshi, mkulu wa boma Hector Croad anamuuza kuti nkhondo inatha kale ku Ulaya. Pamenepo anayenda ndi gulu lake mpaka ku Abercorn: azungu 155 ndi asilikali akuda 1,168. Olemba a ku Ulaya amamtama kuti sanagonje pa nkhondo. Samakamba zambiri za midzi imene gulu lake linadyamo mbeu ndi ziweto zonse podutsa.

Pangano la mtendere linasainidwa ku Versailles pa 28 June 1919. Maiko a mu Africa amene anali a Germany sanabwezedwe kwa eni ake, koma anagawidwa kwa opambana: Tanganyika kwa Britain, Rwanda ndi Burundi kwa Belgium, South West Africa kwa South Africa. Dziko lomalizali linadikira mpaka 1990 kuti lidzilamulire ndi dzina la Namibia.

Msilikali wacizungu wofera nkhondoyi analembedwa dzina pa mwala. Atengatenga ambiri anaikidwa m'chire popanda cizindikiro. Mu 2021 bungwe loyang'anira manda a nkhondo, la Commonwealth War Graves Commission, linabvomera poyera kuti anthu osacepera 116,000, ambiri a iwo a mu Africa, sanakumbukiridwe ndi maina ao, ndipo boma la Britain linapepesa m'nyumba ya malamulo ku London.