Thupi Silidziwa Kuti Njalayo Ndi Yofuna

Nkhani ya zaumoyo ya sabata ino ikuchokera ku America, ku yunivesite ya Minnesota, kumene mu November 1944 anyamata 36 anavomera kukhala ndi njala mwadala. Onsewa anali okana kupita kunkhondo chifukwa cha chikumbumtima chawo. Wasayansi Ancel Keys anafuna kupeza njira yabwino yodyetsera anthu a ku Ulaya amene anafooka ndi njala ya nkhondo, tsono anayamba waona chimene njala imachita mwa munthu wabwinobwino.

Miyezi itatu yoyamba anyamatawa ankadya mokhuta. Kenaka, kwa masabata 24, chakudya chawo chinadulidwa pakati. Ankalandira mbatata ya kachewere, kabichi, buledi ndi zina zotere kawiri patsiku, kwinaku akuyenda mtunda wa makilomita 35 sabata iliyonse. Anaondadi. Pa makilogalamu anayi alionse a thupi lawo, imodzi inachoka.

Koma kuondako kunadza ndi anzake. Mtima unayamba kugunda pang'onopang'ono. Ankamva chisanu dzuwa likuswa mtengo. Mphamvu imene thupi limagwiritsa ntchito munthu akangokhala inatsika ndi magawo pafupifupi 40 pa 100 alionse, monga momwe mayi amachepetsera ufa wa mumphika akaona kuti m'nkhokwe mwatsala pang'ono. Anyamata ophunzira, okonda nthabwala, anasanduka a mtima wapachala, ndipo nkhani yawo inali chakudya basi. Ena anasonkhanitsa mabuku a kaphikidwe n'kumawawerenga usiku. Ena ankanyambita mbale osaona manyazi. Chilakolako cha chibwenzi chinazirala. Mmodzi mwa iwo, chakudya chitayamba kale kuonjezeredwa, anadzidula zala zitatu ndi nkhwangwa, ndipo pambuyo pake sanathe kunena ngati anachita dala kapena ayi.

Ataloledwa kudya mmene afunira, ankadya osamva kukhuta, ena mpaka kusanza. Patapita miyezi ingapo, mafuta a m'thupi mwawo anaposa amene anali nawo poyamba.

Mayi kapena mtsikana wa lero amene amalumpha nsima yamasana, nangomwa tiyi wotchedwa wochepetsa thupi, nakwera pasikelo m'mawa uliwonse, akuyenda njira yomweyo ngakhale sanafike patali. Thupi lake silidziwa kuti njalayo ndi yofuna. Limaitenga monga ya mwezi wa February nkhokwe zitauma, ndipo limadziteteza. Tsiku limene adzagonja nadya mopyola muyeso, adzadzitcha wopanda khama, chonsecho anyamata a ku Minnesota aja khama anali nalo lokwanira. Kunenepa kopitirira kuli nazo zoopsa zake, makamaka matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo pa zimenezo a chipatala amalangiza kusintha kadyedwe pang'onopang'ono. Chokayikitsa ndicho kudzimana kofuna kuonda msanga.

Mu 2016 ofufuza ena a ku America komweko anafalitsa zimene anapeza mwa anthu 14 amene anapikisana nawo kuonda pa pulogalamu ya kanema yotchedwa The Biggest Loser. Patatha zaka 6, anthu 13 mwa iwo anali atanenepanso. Matupi awo anali akusungabe mphamvu mwaumbombo, kuotcha makalori pafupifupi 500 patsiku ochepera pa amene amayembekezeka kwa munthu wa thupi longa lawo.