Magetsi a Dzuŵa ndi Nkhani ya Ulova m'Makhonsolo Athu

 Madzulo ano ndifuna tikambirane nkhani imene imautsa mtsutso pa misonkhano ya makhonsolo m'maboma athu, ndiyo ya mphamvu zosatha, monga ya dzuŵa ndi ya madzi, pamodzi ndi ulova wa anyamata ndi atsikana athu. Ambiri amaziyesa nkhani ziŵiri zosiyana, koma ine ndikuti mutu wake ndi umodzi.

Tiyambe ndi kumene magetsi athu amachokera. Chiyambire 1966, pamene makina a pa Nkula anayamba kugwira ntchito, magetsi ambiri a dziko lino akhala akuchokera mu mtsinje umodzi wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Kuopsa kodalira mtsinje umodzi tinakuona mu Januwale 2022, pamene namondwe Ana anaononga damu la Kapichira, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130. Komanso kalembera wa 2018 anapeza kuti pa mabanja 100 alionse, pafupifupi 11 okha ndiwo ankaunikira magetsi a pa nthambo. Kunena zophika, ambirife timadalirabe nkhuni ndi makala.

N'chifukwa chake anthu anasangalala pamene malo opangira magetsi a dzuŵa okwana mamegawati 60 anatsegulidwa ku Salima mu 2021, ndi ena a mamegawati 20 ku Golomoti m'boma la Dedza mu 2022. Tsono nkhani zoterezi zikafika m'bwalo la khonsolo, mau amagaŵikana paŵiri.

Mbali ina imati: mapiri ayera, mitsinje ikuphwa, tiyeni tikhwimitse malamulo oletsa kuotcha makala, popeza ndi Nyumba ya Malamulo yomwe inaonjezera zilango m'lamulo la nkhalango mu 2020. Mbali inzake imayankha kuti: kodi wootcha makalayo ndani? Si mnyamata uja anamaliza Folomu 4 nasoŵa ntchito, amene amakankha njinga ya matumba atatu usiku wonse kuti apeze ya ufa? Mukamulanda njinga lero, maŵa adya chiyani?

Onseŵa akunena zoona. Cholakwika n'chakuti kaŵirikaŵiri mkangano umathera pamenepo, aliyense atagwiritsa mfundo yake. Pali chinthu chimodzi chimene tiyenera kuchimvetsa. Malo aakulu a magetsi a dzuŵa amalemba anthu ambiri nthaŵi yomanga yokha, pamene pali kulambula tchire, kukumba maenje ndi kuimika zitsulo. Ntchito yomanga ikatha, pamatsala anthu oŵerengeka, alonda, otsuka magalasi ndi amisiri ochepa. Choncho khansala wolonjeza kuti malo otere athetsa ulova m'dera lake akulonjeza zimene sangakwanitse.

Ntchito zokhalitsa zimabadwa kumene magetsiwo afika. Pa malo a malonda pakayaka magetsi, chigayo chimasiya kudalira dizilo, wootcherera zitsulo amayamba kupanga mafelemu a zitseko, wometa amatsegula kanyumba kake, mkaka ndi nsomba zimasungika mu filiji, ndipo mlimi wa kudimba amathirira ndi pampu nakolola kaŵiri pa chaka. Zitsanzo tili nazo konkuno. Ku Bondo m'boma la Mulanje, makina ang'onoang'ono oyendera madzi a mtsinje wa Lichenya amapereka magetsi ku midzi yozungulira. Kwa Sitolo m'boma la Mchinji, mudzi uli ndi magetsi akeake a dzuŵa. Malo onse aŵiriŵa sanadikire nthambo zochokera ku Shire.

Nanga khonsolo ingachitepo chiyani? Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linapatsa makhonsolo mphamvu yokonza mapulani a chitukuko ndi kupanga malamulo a m'dera lawo. Pamene kampani ibwera kudzapempha malo, makhansala ndi mafumu ayenera kufunsa mafunso atatu asanavomere. Loyamba: kodi eni minda alandira chipukuta misozi chokwanira, ndipo akalima kuti? Lachiŵiri: kodi midzi yoyandikana ndi malowo iona nawo kuŵala, kapena nthambo zingodutsa pamwamba pa madenga awo? Lachitatu: ndi ana angati a m'deralo amene aphunzitsidwe kuika ndi kukonza zipangizozi? Bungwe la TEVETA, lokhazikitsidwa mu 1999, ndi sukulu za ntchito zamanja za m'madera zilipo chifukwa cha ntchito ngati imeneyi. Mnyamata wodziŵa kulumikiza batire ndi pampu sabwereranso ku uvuni wa makala.

Ndipo inu omvera, musaiyese nkhani ya akuluakulu okha. Mapulani a boma lanu amayambira m'komiti ya chitukuko ya m'mudzi, napita ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, kenaka ku khonsolo. Akulu anati mwana wosalira amafera pamsana. Pitani ku misonkhano imeneyi, ndipo khansala wanu akabwera mumufunse kumene magetsi afike ndi amene aphunzitsidwe ntchito yake.