Kuzindikira Chipolopolo Choyenera Mfuti Yakale

M'maboma ambiri muli mabanja amene akusungabe mfuti za makolo awo. Zina zinatsala pa nkhondo ya Chiwaya ya 1914 mpaka 1918, zina zinabwera ndi alenje a njovu. Zambiri mwa izo malemba osonyeza kukula kwa chipolopolo anafufutika ndi dzimbiri. Pamenepa ndi pamene pagona ngozi, pakuti chipolopolo chingathe kuloŵa bwino m'mfuti koma chisali chake.

Chitsanzo ndi mfuti za Ajeremani za mamilimita 8. Chipolopolo chawo cha 1888 chinali chonenepa mamilimita 8.08, koma mu 1905 anayamba kupanga cha mamilimita 8.2. Diso silingaone kusiyana kotere. Komabe chachikulucho chikaombedwa mumpope wopapatiza, mphamvu ya wonga imapanikizika, ndipo mfuti ingathe kuphulikira kumaso kwa mwini wake.

Pofuna kudziŵa zoona, mmisiri wa mfuti amaumba chifanizo cha m'mimba mwa mfutiyo, momwe mumakhala chipolopolo. Kale ankasungunula sulufule, koma chifanizo chake sichichedwa kusweka. Masiku ano amagwiritsa ntchito chitsulo chotchedwa Cerrosafe, chomwe ndi chosakaniza cha mtovu, bismuth, tin ndi cadmium. Chimenechi chimasungunuka madzi asanafike poŵira, motero sichiwononga mfuti.

Choyamba mmisiri amatsimikiza kuti m'mfuti mulibe chipolopolo. Akachotsa chotsekera cha kumbuyo, amatsuka m'mimbamo napakamo timafuta pang'ono. Kenaka amatsendera kansanza mumpope, masentimita aŵiri kapena atatu kupitirira pothera chipolopolo, kuti chifanizo chitengeko ndi mizere ya mumpopemo. Atazondotsa mfuti, kukamwa kuloza pansi, amathira chitsulo chosungunukacho mosadukiza mpaka m'mimba mutadzaza. Chikasefukira chimakakamira m'malo otsekera, ndipo kuchichotsa kumavuta.

Chitsulochi chili ndi khalidwe lodabwitsa. Pa mphindi 30 zoyamba chimafota pang'ono, ndipo imeneyi ndiyo nthaŵi yochikankha ndi ndodo kuchokera kukamwa kwa mfuti. Likakwana ola limodzi chimabwerera pa msinkhu weniweni wa m'mimba muja. Pambuyo pake chimafufuma pang'ono. Choncho mmisiri amayang'ana wotchi, ndipo ola likangokwana amayeza ndi chida chotchedwa micrometer: utali, kunenepa kwa thupi, khosi ndi mizere. Miyeso imeneyi amaifananitsa ndi ya m'mabuku a zipolopolo. Chiwiya chosungunuliramo sichibwereranso kukhitchini, chifukwa mtovu ndi cadmium ndi poizoni.

Chifanizo chimangoulula kukula kwa chipolopolo. Sichinena ngati chitsulo cha mfuti chikadali cholimba. Chimenecho amaweruza ndi mmisiri yemweyo, ndipo mfuti ina imayenera kungopachikidwa pakhoma monga chikumbutso. Wolandira mfuti ya choloŵa ayambe wapita kupolisi kukalongosola za chilolezo, kenaka afune mmisiri wodziŵa ntchito yake. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.